Prime95 ikudandaula za memori? Tiyeni tilisake vutolo pang'onopang'ono

Ngati munaika Prime95 kapena mprime (dzina lake pa Linux) pa kompyuta yanu kuti muzithandiza nawo GIMPS, gulu la anthu odzipereka la pa intaneti, kusaka ma prime akuluakulu aja, manambala osagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni, nkhani ya memori mudzakumana nayo basi, kaya mawa kaya mwezi wamawa. Pena kompyuta imangoyamba kulemera mausi osafuna kusuntha, pena mumadzuka m'mawa n'kupeza mprime yazima yokha osasiya uthenga uliwonse, penanso pa sikirini pamangolembedwa kuti ikusaka ntchito ina yosadya memori yambiri ndipo nambala yanu ija yangoima pomwepo. Ambiri akaona choncho amathamangira kukweza memori mpaka kumapeto, ena amaitsitsa mpaka pansi penipeni kuti mtima ukhale m'malo. Zonse ziwirizi n'zolakwika, chifukwa chimene timangochitchula kuti vuto la memori ndi mavuto angapo osiyana ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake.

Choyamba mudziwe kaye chimene chimadya RAM, apo ayi muzingosintha manambala mwachimbulimbuli. GIMPS, imene George Woltman anayambitsa mu 1996, imasaka ma prime a mtundu wa Mersenne, aja olembedwa 2^p − 1, ndipo odziwika mpaka pano ndi 52 okha. Wamkulu pa onse ndi 2^136279841 − 1 amene Luke Durant anapeza mu Okutobala 2024, ali ndi madijiti 41,024,320. Munthu ukamva kukula kumeneko umaganiza kuti kuyesa nambala yotere kumafuna RAM yoopsa, koma ayi ndithu. Kuyesa kwenikweni, kaya ndi PRP kaya ndi LL yakale ija, zomwe ndi njira ziwiri zoonera ngati nambala ndi prime, sikufika olo 1 GB pa worker mmodzi (worker ndi gawo la pulogalamu logwira nambala imodzi pa nthawi). Chimene chimameza memori ndi P-1, makamaka gawo lake lachiwiri lomwe pulogalamu imalemba kuti stage 2, komanso njira zinzake zotchedwa ECM ndi P+1 zikafika pa gawo lomwelo.

P-1 ndi njira ya John Pollard ya mu 1974. Ntchito yake ndi kusaka factor, nambala yoti ikhoza kugawa nambala yaikuluyo popanda chotsala, musanataye masiku kapena masabata pa PRP. Ikapezeka factor ndiye kuti nambalayo si prime, nkhani yatha, mwapulumutsa nthawi yonse ija. Stage 1 imafufuza mpaka malire otchedwa B1 ndipo siidya kanthu kwenikweni. Stage 2 imapitiriza mpaka B2, ndipo kuti ithamange imasunga manambala ambirimbiri osakhalitsa mu RAM nthawi imodzi, iliyonse yaikulu ngati nambala ikuyesedwayo. Kuyambira pa version 30.8 njira ya stage 2 inasinthidwa moti ukaipatsa memori yambiri B2 imakwera patali zedi pa nthawi yomweyo, nde mwayi wopeza factor umakweranso. Ndi chifukwa chake sindigwirizana ndi zongoisiyira memori yochepa ija imabwera nayo pulogalamu ikangoikidwa kumene, n'kutaya mwayi dala.

Sitepe yoyamba: werengani zimene pulogalamu ikunena

Musatsegule settings kaye. Yang'anani pa windo la worker, kapena ngati muli pa Linux yendetsani mprime ndi -d kuti izilemba zonse pa sikirini. Tsegulaninso worktodo.txt, fayilo ya mndandanda wa ntchito za pulogalamu, muone mzere woyamba pansi pa worker aliyense. Ukayamba ndi Pfactor kapena Pminus1 ndiye kuti ndi P-1 yeniyeni. Ukayamba ndi PRP musaganize kuti mwapulumuka, chifukwa ngati nambalayo sinachitidwepo P-1 pulogalamu iyamba kaye yachita P-1 isanalowe mu PRP, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa kuti ine ndinasankha PRP nanga RAM yapita kuti.

Mizere yofunika kuiona ndi iyi. "Available memory is" ndi "Using ... MB of memory" ikukuuzani memori imene pulogalamu ikuganiza kuti ili nayo ndi imene yatengadi. "Memory allocation error. Trying again using less memory." ikutanthauza kuti yapempha RAM kwa Windows kapena Linux n'kukanizidwa, ndiye kuti munailonjeza zambiri kuposa zimene zilipo. "Exceeded limit on number of workers that can use lots of memory" ndi mnzake "Looking for work that uses less memory" si zolakwika ayi, ndi ma worker akudikirana. "Restarting worker with new memory settings" imabwera nthawi ya masana ndi usiku ikasinthana. Koma mukaona za ROUND OFF kapena Gerbicz error, imeneyo ndi nkhani inanso, tiifika kumunsiku.

Sitepe yachiwiri: yezani RAM imene ilidi yopanda ntchito

Apa mpamene pagona nkhani yonse, nde ndichedwapo pang'ono. Nambala yoti muipatse Prime95 si RAM yolembedwa pa bokosi la kompyuta. Ndi imene imatsala inuyo mukugwira ntchito zanu za tsiku ndi tsiku. Imitsani Prime95, tsegulani zonse zimene mumatsegula pa tsiku lotanganidwa, browser ndi ma tab ake onse aja, Office, kaya ndi pulogalamu yokonzera zithunzi, kenako pa Windows tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani Memory, muone pamene palembedwa Available. Pa Linux lembani free -h ndipo muyang'ane kolamu ya available osati ya free, chifukwa Linux imagwiritsa ntchito RAM yongokhala ngati cache ndipo imaibweza ikafunika, ya free ija imaoneka yaing'ono nthawi zonse n'kukuopsezani pachabe. Ngati ndi laputopu kapena kompyuta yopanda graphics card yapadera, dziwaninso kuti gawo lina la RAM latengedwa kale ndi graphics.

Tiyerekeze muli ndi 16 GB ndipo pa tsiku lotanganidwa available ikuonetsa 8 GB. Musapereke 8 yonseyo. Siyani 2 GB ya mwadzidzidzi, masana muipatse 6 GB. Usiku zonse zitatsekedwa mwina available ifika 13 GB, nde muipatse 11 kapena 12. Chifukwa chosiyira mpata n'choti RAM ikadzaza, makina amayamba kukankhira zina ku disiki, ku pagefile pa Windows kapena swap pa Linux, ndipo stage 2 imawerenga memori yake yonse mobwerezabwereza osapuma. Disiki, olo itakhala SSD yabwino bwanji, siingayandikire liwiro la RAM. Zili ngati kuphika zinthu zili kunkhokwe, mchere uliwonse kuthamangira kukatenga n'kubwerera. Ntchito ya maola ochepa imasanduka ya masiku, kompyuta yonse n'kumauma, ndipo SSD ikulembedwalembedwa pachabe. Bola kuipatsa 6 GB yeniyeni kusiyana ndi 10 GB yomwe theka lake lili pa disiki.

Sitepe yachitatu: ikani manambalawo

Pa Windows pitani pa Options kenako Resource Limits. Pa Linux yendetsani ./mprime -m musankhe Options/Resource Limits pa menyu. Mupeza malo awiri a memori ya stage 2, ya Daytime ndi ya Nighttime, mu ma GB, komanso maola amene usiku umayambira ndi kuthera. Maolawo muwasinthe agwirizane ndi moyo wanu, ngati mumagwira ntchito usiku n'kugona masana ingowatembenuzani.

Mukhozanso kulemba nokha mu fayilo. Mu ma version akale ndi local.txt, atsopanowa anasamutsira zonse mu prime.txt, nde muone imene ili mu foda yanu. Mzere wake umaoneka chonchi, ndipo apa ndi ma MB osati ma GB:

Memory=6000 during 7:30-23:30 else 12000

Zinthu ziwiri zimakola anthu apa. Choyamba, muitseke kaye pulogalamu yonse musanasinthe fayilo, osangodina X chifukwa pa Windows imakabisala ku tray ikuyendabe, pitani pa Test musankhe Exit. Mukasintha ikuyenda ikhoza kulembanso fayiloyo n'kufufuta zanu zija. Chachiwiri, mzerewo ukhale pamwamba, musanafike pa mitu ya m'mabulaketi ngati wa PrimeNet kapena wa Worker #1. Mukauika pansi pa mutu wa worker ndiye kuti mwaika malire a worker yekhayo, zomwe n'zothandiza ngati mwachita dala, koma ngati simunadziwe muzadabwa kuti bwanji ena aja sakumvera.

Ngati kompyuta ndi yongochita za GIMPS basi palibe amene amaigwira, masana ndi usiku ikani nambala imodzi. Kusinthasintha kuli ndi mtengo wake, malire akasintha stage 2 ili mkati worker amaima n'kuyambanso kukonzekera gawolo, ndipo kukonzekerako kumadya nthawi ndithu. Chinanso, B2 imasankhidwa potengera memori imene pulogalamu ikuona kuti ilipo, nde mukailonjeza 12 GB ya usiku koma usikuwo mumazimitsa kompyuta, mwainamiza, ipanga mapulani a memori imene siidzaiona.

Sitepe yachinayi: ma worker angati akugawana memoriyo?

Memori mwaika ija si ya worker aliyense, ndi ya onse pamodzi. Ma worker anayi akafika pa stage 2 nthawi imodzi pa 6 GB, aliyense angopatako ka 1.5 GB, ndipo onse achita ntchito yofooka. Ine ndimaona kuti pa kompyuta wamba ya ma core anayi, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, worker mmodzi kapena awiri ndi okwana. Musangondikhulupirira, pitani pa Options, Benchmark, muyendetse throughput benchmark muone nokha kuti ndi ma worker angati amene akutulutsa ma iteration ambiri pa sekondi. Nthawi zambiri ochepa amapambana kapena amangofanana ndi ambiri, kwinaku nambala iliyonse ikutha msanga.

Ngati mukufunabe ma worker ambiri, pali mzere uwu:

MaxHighMemWorkers=1

Umauza pulogalamu kuti worker mmodzi yekha ndi amene aziloledwa kuchita ntchito yodya memori yambiri pa nthawi imodzi. Enawo akafika pa stage 2 amaisiya kaye n'kupita pa mzere wotsatira wa worktodo.txt, kukachita stage 1 ya nambala ina kapena PRP. Uthenga wa "Looking for work that uses less memory" uja ndi umenewu. Kungoti muonetsetse kuti worker aliyense ali ndi ntchito ina yodikirira, apo ayi amangokhala. Ndipo ngati ma worker onse mwawapatsa P-1 yokhayokha, ma stage 1 amatha msanga kuposa momwe mmodzi angamalizire ma stage 2, nde mulu wa zodikira umangokula mpaka masiku amene GIMPS inakupatsani oti mumalizire nambalazo (assignment) n'kutha. Sakanizani, mmodzi P-1 enawo PRP.

Palinso ina imene ndimaikonda kwambiri pa kompyuta yogwirira ntchito zina:

LowMemWhileRunning=photoshop,blender

Ikaona pulogalamu mwaitchulayo yatsegulidwa, Prime95 imasiya ntchito yodya memori mpaka mutaitseka. Pali mnzake PauseWhileRunning amene amaimitsiratu zonse. Mu foda ya pulogalamu muli fayilo ya undoc.txt, mmenemo ndi mmene mwalembedwa kalembedwe kenikeni ka mizere imeneyi pa version yanuyo, muiwerenge musanakopere za munthu wina.

Sitepe yachisanu: ikamafa yokha osanena kanthu

Izi zimachitika kwambiri pa Linux. mprime yangosowa, mu results.txt mulibe chodandaula chilichonse, mwina pa terminal pangolembedwa Killed basi. Kawirikawiri wapha ndi OOM killer, mbali ya kernel imene RAM ikatheratu imasankha pulogalamu yodya kwambiri n'kuizimitsa kuti makina apulumuke, ndipo mprime ili pa stage 2 ndiyo imakhala yonenepa kuposa zonse. Kuti mutsimikize lembani dmesg | grep -i killed kapena journalctl -k | grep -i "out of memory". Mukaona dzina la mprime pamenepo, tsitsani Memory ndi 1 GB kapena 2 GB muyesenso. Kuwonjezera swap kungailetse kufa inde, koma mwangosinthanitsa imfa ndi kukwawa, vuto likadalipo.

Koma pena available imaonetsa RAM yambirimbiri ndipo ikufabe. Apo ndiye kuti pali mpanda wina umene simukuuona. Ngati ikuyenda mu Docker, onani ngati container inapatsidwa --memory. Ngati munaipanga service ya systemd, fufuzani MemoryMax mu fayilo yake. Lembaninso ulimit -v muone ngati yalemba unlimited. Pa WSL2 ya Windows, Linux ya mkatimo imangopatsidwa theka la RAM ya kompyuta pokhapokha mutasintha mu fayilo ya .wslconfig, nde munthu wa 32 GB akaika Memory ya 24 GB mmenemo ndiye kuti wapempha zomwe kulibe. Virtual machine ndi seva zobwereka pa intaneti n'chimodzimodzi, werengerani pa zimene mwagawiridwa osati za makina onse.

Pa Windows yang'anani Committed mu Task Manager momwemo. Nambala yachiwiri pamenepo ndi RAM kuphatikiza pagefile, ndipo Windows siilola mapulogalamu kupempha kupyola pamenepo. Anthu ena amazimitsiratu pagefile poganiza kuti kompyuta ithamanga, kenako Prime95 n'kumakanizidwa memori pomwe RAM ikuoneka kuti ilipo. Ibwezeretseni pa System managed size. Onaninso kuti munatsitsa ya 64-bit, ya 32-bit pa Windows imathera cha pa 2 GB olo kompyuta ikhale ndi 64 GB.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: mwina ndi disiki osati RAM

Kuyambira mu 2020 PRP imapanga proof, kafayilo kotsimikizira kuti ntchito inayenda bwino kuti pasafunike wina kubwereza test yonse. Kuti ipange proof imasunga ma residue, zotsatira za pakatikati pa ntchito, pa disiki ikamayenda. Masamu ake ndi osavuta, residue imodzi ndi exponent (p uja wa mu 2^p − 1) kugawa ndi 8 mu ma byte, nde pa exponent ya 140 miliyoni ndi pafupifupi 17.5 MB. Proof ili ndi mlingo wake wotchedwa proof power, power 8 imafuna ma residue 256, pafupifupi 4.5 GB, power 9 imafuna 512, pafupifupi 9 GB, ndipo imeneyo ndi ya worker mmodzi. Malire ake ali pa Resource Limits pomwepo, pa Temporary disk space limit, ndipo imabwera ili pa 6 GB pa worker. Disiki ikadzaza kapena ikakana kulembedwa, pulogalamu imayamba kusunga ma residue aja mu RAM mongoyembekezera, mpaka malire a emergency memory amene ali pa Advanced ya mu Resource Limits momwemo. Nde mukaona RAM ikukwera pang'onopang'ono pomwe muli mkati mwa PRP osati P-1, thamangirani kukaona disiki. Pezani malo, kapena muilozere ku disiki ina yosungira mafayilo osakhalitsawo. Musafufute fayilo ya ma residue kuti mupeze malo, mukatero proof yapita. Chimodzimodzinso mafayilo oyamba ndi p kapena m otsatana ndi manambala, amenewo ndi ma save a PRP ndi P-1, ndi amene amakupulumutsani pulogalamu ikafa pakati pa ntchito.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: RAM yochepa, yochedwa, kapena yodwala?

Tibwerere ku ROUND OFF ndi Gerbicz error zija. Zimenezi kusintha Memory sikungazithetse olo pang'ono, chifukwa sizikunena kuti memori yachepa, nthawi zambiri zikunena kuti makina akulakwitsa masamu. Njira ya Robert Gerbicz imagwira cholakwikacho pa PRP n'kubwerera pa malo abwino omaliza, nde result imakhalabe yodalirika, koma P-1 ilibe chitetezo champhamvu chotero, RAM yodwala ikhoza kuiphonyetsa factor inu osadziwa. Imitsani ntchito, pitani pa Options, Torture Test. Yambani ndi Small FFTs imene imapanikiza CPU osagwira RAM kwenikweni, kenako Blend imene imagwiritsa ntchito RAM yambiri. Small FFTs ikadutsa bwino koma Blend n'kugwa, kaikirani RAM kapena memory controller. Lowani mu BIOS muzimitse XMP kapena EXPO, ma setting othamangitsira RAM, ndi overclock iliyonse, muyesenso. Ikagwabe yendetsani MemTest86+ usiku wonse, ndipo ikapeza zolakwika yesani ma stick a RAM imodziimodzi mpaka mupeze yodwalayo. Kutentha nakonso kumabweretsa zolakwika zomwezi, nde onani ma fan ndi fumbi.

Ndiye pali kuchedwa. Mwawonjezera ma core koma liwiro silikusintha, apo si kukula kwa RAM koma liwiro lake lotumizira data ku CPU. Prime95 imakhuta msanga pamenepa. Ngati muli ndi stick imodzi yokha, kuika yachiwiri yofanana nayo kuti ziziyenda dual channel kumasintha zinthu kwambiri kuposa setting iliyonse yomwe tatchulayi, ingoonetsetsani kuti mwaziika m'ma slot amene buku la motherboard likunena.

Nanga ngati RAM ndi yochepadi?

Kompyuta ya 4 GB sikuti ilibe ntchito ku GIMPS, kungoti musaikakamize P-1. Pa Test, Workers, sinthani mtundu wa ntchito musankhe double-check, kubwereza kuyesa manambala oyesedwa kale. Manambala ake ndi ang'onoang'onoko, P-1 inachitidwa kale pa ambiri a iwo, amatha msanga, ndipo ndi ntchito yofunika zedi chifukwa ndi imene imatsimikizira kuti palibe prime inaphonyedwa m'mbuyomu chifukwa cha makina olakwitsa. Ena amasintha nambala ya tests saved pa mzere wa PRP mu worktodo.txt kukhala 0 kuti adumphe P-1. Zimatheka, koma ine sindilimbikitsa, mukhoza kutha masabata mukuyesa nambala yoti factor yake ikanapezeka pa tsiku limodzi. Ndipo P-1 yochitidwa ndi ka memori kochepetsetsa nayonso siithandiza kwenikweni, imalembedwa kuti yachitika pomwe B2 yake inali yotsika. Bola kuibweza assignment ija ndi Unreserve Exponent pa menyu ya Advanced, wina wa RAM yambiri aitenge. Trial factoring, kusaka factor pongoyesa kugawa ndi manambala imodziimodzi, siidya memori inde, koma imeneyo asiyireni a ma GPU ndi mfaktc kapena mfakto yawo, CPU siingapikisane nawo.

Kwa amene mumasaka ma prime kudzera pa PrimeGrid, project ina yoyenda mu pulogalamu ya BOINC osati Prime95, task ikalemba "Waiting for memory" pitani pa Computing preferences, gawo la Disk and memory. Pali maperesenti awiri, la pamene kompyuta ikugwiritsidwa ntchito ndi la pamene yangokhala. Werengerani monga tinachitira pa sitepe yachiwiri, ndipo ngati sizikukwanabe chepetsani ma task oyenda nthawi imodzi, aliyense mum'patse ma thread angapo kuchokera pa preferences za akaunti yanu ya PrimeGrid, kenako dinani Update pa project kuti zosinthazo zifike pa kompyuta.